Ngongole ya aMbewe ndi njinga ija

Apampando: Mamembala, kwatsala masabata 5 kuti tigawane ndalama za banki m'khonde yathu. Onse abweza kupatula aMbewe. M'buku ngongole yawo yafika K1,036,800. Lachinayi ndalamayo ifike pamphasa.

aNaphiri: Bola lero mwatchula dzina. Chaka chatha ine pa K80,000 yokha munabwera anthu anayi kudzamasula mbuzi yanga ili ndi bere. Lero munthu watenga 600 sauzande, miyezi itatu kuli zii, m'mawa uliwonse akutidutsa pa M1 chisoti kumutu. Malamulowa ndi a ife amasiye tokha?

aMbewe: Mayi, pa za mbuzi ine panalibe. Apampando, nambala imeneyo yachokera kuti? 600 kuphatikiza chiwongoladzanja cha 120 katatu ndi 960. Tichotse 150 imene ndinatumiza pa Mpamba mu Seputembala, yatsala 810.

Apampando: Chiwongoladzanja chosalipidwa chimabereka. 600 inakhala 720, 720 inakhala 864, kenako ndi imeneyo. Ndime 9 ya malamulo athu.

aNabanda: Ndime 9 ija tinaisintha tsiku lamvula lija kwa alembi. Kapena inasinthidwira achemwali anu okha?

Apampando: Achemwali anga asalowe muno. Tinakambirana, sitinalembe.

aMbewe: Nanga 150 yanga ili pati m'masamu anuwo?

Msungichuma: Ndinalandira, sindikukana. Ndinachotsapo chindapusa cha misonkhano 5, ya soshale, ndi yotapira kwa ejenti. Yotsala ili m'bokosi.

aNabanda: Yotsala zingati? Apampando sanaichotse ngakhale tambala.

aNaphiri: Tisasochere. Potenga ndalama anati akukapikula soya. Soya wake ali kuti?

aMbewe: Ndinalakwa kusanena zoona, ndavomera. Ndinali nditasunga ndalama yanga yogulira njinga kwa zaka ziwiri, koma mtengo wake unali wa madola, ndipo chigwereni kwacha mu Novembala 2023 ndalama yanga inkangochepera. Itafika njingayo panalinso msonkho ndi ya wonyamula. Ndikanaisiya ikanathera komweko, n'chifukwa chake ndinabwera ku gulu. Inu mukuiona ngati chidole, koma ine ndapalasa njinga yachitsulo kuyambira ndili mwana, ndipo pampikisano uliwonse anzanga ankandisiya pachitunda. Iyi ndi ya kaboni, makilo 8 okha, ndimainyamula ndi zala ziwiri. Akatswiri akunja lamulo lawo ndi lakuti njinga isachepere makilo 6.8, ndiye muone kuyandikira kwake. Magiya ake ndi Shimano 105. Ndinagula ya kampani yaing'ono ya ku China chifukwa za maina odziwika sindikanazikwanitsa.

aNaphiri: Makilo 8 amenewo ana anga adya?

aMbewe: Mundilole ndimalize, mayi. Munthu woigula ndinali nditamupeza ku Lilongwe. Sabata yomweyo ndinagwera m'dzenje pafupi ndi Lumbadzi. Ndinadzuka bwinobwino, koma pansi pa chishalo patuluka mng'alu ngati tsitsi. Ukagogoda ndi ndalama yachitsulo, pena ponse pamalira kuti ngwe, pamenepo pamangoti phu. Wogulayo atamva zimenezo anabwerera. Ogulitsa ndawatumizira zithunzi katatu, akuti akuunika.

aMwale: Achimwene anabwera nayo kushedi kwanga kuti ndione. Kaboni sawotcherera, si chitsulo, ndi ulusi womata ndi guluu. Kuikapo moto n'kuiononga. Ngakhale pampu yanga sinakwane pa vavu yake.

aNabanda: Ndiye chikole chathu ndi njinga yong'aluka?

aMwale: Ngakhale ikanakhala yabwino, pano agula ndani? Ilibe kaliyala, ilibe pomangira. Wakabaza akufuna Buffalo yonyamula makilo 100. Matayala ake ngati chala, mumchenga wa kwathu kuno sayenda.

aNaphiri: Mbuzi yanga inagulidwa tsiku lomwelo. Inabereka awiri kwa eni ake atsopano, ndimawaona ndikamapita kuchigayo. Palibe anandifunsa ngati ndinagwera m'dzenje. Mwana anali m'chipatala, ndinapempha masabata awiri okha, apampando munati lamulo ndi lamulo. Lero ndikufuna ndilione lamulolo.

Apampando: Mayi, musandiloze chala ngati ndinadya mbuzi yanu. Tinavota tonse.

aNaphiri: Ovota ake ndi omwewa akhala chete lerowa.

aMbewe: Mawilo ndi magiya zili bwino, ndikhoza kugulitsa pazokha. Mundipatse mpaka pa 15. Koma ndilipira 810, osati miliyoni.

Apampando: Ngongole simudziikira nokha mtengo.

aNabanda: Inunso simuika nokha. Buku libwere tione tonse. Ndiponso kiyi wachitatu wa bokosi ali ndi ndani chichokereni amayi aja kupita ku Joni? Ndafunsa kawiri.

Msungichuma: Ali kwa ine mongosungira.

aNabanda: Bokosi kwa inu, kiyi kwa inu?

Msungichuma: Ngati mukundiganizira, sankhani wina. Ndatopa kugona ndi ndalama za anthu kumutu popanda ngakhale zikomo.

aMwale: Komanso mphasa imene timakhalira ndi yanga, chaka chachitatu chino. Munati mugula ya gulu.

Apampando: Za mphasa Lachinayi. AMbewe, mubwere ndi njingayo, ndi mauthenga a Mpamba. Mwamva?

Apampando: AMbewe?

aNaphiri: Awerenga. Timizere tasanduka tabuluu.