Zotsatira pa funso la dengu loonetsa NaN

Abale, pa funso lija la pulogalamu ya sitolo ya ku Chipata, loti bwanji chiwerengero cha ndalama chimaonetsa NaN (chizindikiro choti zotsatira si nambala) katundu akaikidwa m'dengu logulira zinthu, gwero lapezeka. Magawo a pulogalamuyi amatumizirana mauthenga kudzera mu `CustomEvent`, ndipo zimene uthenga wanyamula zimakhala mu `detail`. Gawo lotumiza linkalemba `mtengo` mu `detail`, lolandira n'kumawerenga `mitengo`. Lolandiralo linkapeza `undefined` (kutanthauza kuti palibe kanthu), ndipo kuchulukitsa `undefined` kumabala NaN. TypeScript, imene imaonjezera mitundu ya deta pa JavaScript n'kumaiyang'anira, sinadandaule chifukwa `detail` ya `CustomEvent` imakhala `any` (mtundu wolola chilichonse) mukapanda kuiuza mtundu.

Mankhwala ake ndi fayilo imodzi yokhala ndi interface `Mauthenga`, yolumikiza dzina la uthenga uliwonse ndi zimene umanyamula. Kenako lembani ma function awiri, `tumiza` ndi `mvera`, onse olandira `K extends keyof Mauthenga` (dzina la uthenga lopezeka mu `Mauthenga`), zimene uthengawo wanyamula zikhale `Mauthenga[K]`. Mukalakwitsa chilembo chimodzi, compiler (pulogalamu yosandutsa TypeScript kukhala JavaScript) imakana pomwepo. Pasapezeke gawo loitana `dispatchEvent` palokha osadzera mu `tumiza`, apo ayi ntchito yonseyi yapita pachabe. Mitengo isungidwenso m'ma ngwee, K45.50 ikhale 4550, poti 0.1 kuphatikiza 0.2 mu JavaScript sikupereka 0.3 ndendende.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mitunduyi imafufutika pulogalamu ikasanduka JavaScript. Uthenga wobwera pa `BroadcastChannel` (njira yotumizirana mauthenga pakati pa matabu a browser) ungachokere ku tabu imene ikuyendetsabe code yakale, choncho ulandireni ngati `unknown` (mtundu wosadziwika) ndipo muuyese ndi `typeof` musanaukhulupirire. Musaikemo function, chifukwa `postMessage` imaponya `DataCloneError`.

Gawo likamachoka pa tsamba, itanani `abort` ya `AbortController` imene `signal` yake munapereka ku `addEventListener`, kuti gawolo lileke kumvera mauthenga. Mukapanda kutero, gawolo likabwereranso katundu mmodzi amawerengedwa kawiri.