Sienta fani ikulira koma m'mavent mulibe mphepo

aPhiri, Biwi: Mwadzuka bwanji mabwana. Ndili ndi Sienta ya 2008 pano, NCP81 ija ya injini ya 1NZ, yandizunguza mutu kuyambira Lachiwiri. Eni ake ndi mayi wina amene amayenda Lilongwe ndi Salima pafupipafupi. Akuti AC ikayatsidwa fani imamveka ikulira bwinobwino, koma m'mavent mumangotuluka kamphepo ngati munthu akuuzira phala la mwana. Gasi wa AC anathiritsa kale kawiri kwina. Ine ndinasintha blower mota, imene imazungulitsa fani, ndinaika ina ya pa galimoto yophwasula, kuyesa pagalaja mphepo mbwee, kuzizira bho. Anaitenga Lachitatu, dzulo madzulo abwera nayo nkhope ili gwaa, akuti palibe chasintha. M'mawa uno ndayatsanso, ikuwomba ngati yangotsika kumene ku Japan. Ndiyambire pati?

Gift, Area 25: Bwana, filter ya m'kati mwaiona? Ili kuseri kwa glove box. Fumbi lathu la ku Lilongwe kuno miyezi ingapo yokha filter imasanduka njerwa.

aPhiri, Biwi: Ndinayambira pomwepo mphwanga. Mulibemo filter, bowo lili pululu. Wina anachotsa kalekale osabwezera.

aChisale, Area 36: Ndiye ndi resistor imeneyo, ija yosintha masipidi a fani. Sinthani resistor basi, zimavutavuta zimenezo.

aNangozo, Kawale: AChisale, resistor tisainamizire. Ikapsa imakhala ndi chizindikiro chake: masipidi apansi amafa, fani n'kumagwira pa sipidi yomaliza yokha, poti pamenepo moto umadutsa osalowa mu resistor. APhiri akuti fani ikulira. Achimwene, ikusintha kulira mukamachoka pa 1 kupita pa 4?

aPhiri, Biwi: Ikusintha achemwali, masipidi onse alipo.

aNangozo, Kawale: Ndiye kumbali ya fani magetsi alibe mlandu. Mphepo ikupangidwa, kungoti pali chikuitseka panjira.

Gift, Area 25: Mwina ndi chitseko chija chosankha kopita mphepo. Sabata yatha ndinali ndi Vitz, waya wa knob unachoka pa kilipu, mphepo yonse imapita kumapazi ndi pagalasi, mwini wake n'kumati AC yafa. Kapena makoswe. Ndinatulutsapo chisa chathunthu mu blower ya Probox ya munthu wogula chimanga ku Mitundu, muli zisononkho, mapepala a shuga ndi khoswe mwini wake atauma.

aPhiri, Biwi: Chitseko chikuyenda, ndazungulitsa knob mphepo ikusamuka kumaso, kumapazi, pagalasi. Za makoswe, pochotsa mota yakale ndinapezamo manyi ake pang'ono koma chisa munalibe.

Madala aMbewe, Mchesi: Ndawerenga zonse. Phiri mwana wanga, chitseko chikathyoka sichidzikonza chokha usiku, nacho chisa cha khoswe sichisamuka m'mawa n'kubwerera masana. Galimoto yako ikuwomba bwino pagalaja, ikukanika pamsewu. Mayiwo unawafunsa kuti mphepo imatha akafika pati?

aPhiri, Biwi: Sindinafunse madala. Anangoti mphepo kulibe, ine n'kuthamangira mota.

Madala aMbewe, Mchesi: Aimbire. Uwafunse ngati imayamba bwino kenako n'kumachepa, imachepa akayenda nthawi yaitali bwanji, komanso akaimika galimoto pansi pake amaonapo chiyani.

aPhiri, Biwi: Ndawaimbira. Akuti akamanyamuka ku Area 18 imakhala bwino, kudutsa Kanengo ili bwino, kukhotera msewu wa Salima ili bwino. Cha ku Chezi imayamba kuchepa, akamatsetsereka kupita kunyanja ndiye amatsitsa magalasi. Akafika ku Salima n'kuimika, pansi pamakhala chithaphwi chachikulu mpaka mlonda wina anawauza kuti redieta yaboola. Pobwerera imayambanso bwino. Akutinso nthawi zina m'mavent mumatuluka ngati utsi woyera.

Madala aMbewe, Mchesi: Basi, ndi ayezi ameneyo. Evaporator ikuundana. Kwa ana amene simunaione: ili ngati karedieta kakang'ono m'kati mwa dashibodi, mphepo yonse ya fani imadutsa m'timipata take isanafike kumavent. Ikazizira imakoka chinyezi cha mumpweya, madziwo n'kumatsika pa kapaipi ka pansi pa galimoto. Ikazizira mopitirira, madzi aja amaumira pomwepo, timipata n'kutsekeka pang'onopang'ono mpaka kukhala khoma. Fani imalira, mwinanso kuposa kale, koma ikuwomba khoma. Nyengo ya mvula ino mpweya uli ndi chinyezi chambiri, ndiye ukamatsikira kunyanja ayezi amamanga msanga. Akaimika ola limodzi amasungunuka, ndicho chithaphwi anaona mlonda uja. Utsi woyerawo si moto, ndi nkhungu. Iwe pagalaja umayatsa mphindi 10 n'kuzimitsa, ungamuone bwanji?

aChisale, Area 36: Ngati ikuundana ndiye kuti gasi wachepa. Onjezerani kabotolo kamodzi.

aNangozo, Kawale: N'zoona kuti gasi akachepa evaporator imatha kuundana mbali imodzi, koma galimotoyi yathiridwa kale kawiri ndi anthu amene sitikudziwa ngati anayeza. Tikathiranso kachitatu mongoganizira tiphulitsa paipi. Funso langa ndi lina. Pa evaporator pamakhala kasensa, thermistor, kamene kamauza kabokosi ka AC kuti kuzizira kwafika cha m'ma 3°C, kompresa, pampu yopopa gasi ija, ipume. Ndiye chifukwa galimoto yabwinobwino imamveka kuti tha, kenako tha, clutch ya kompresa ikugwira ndi kusiya. Achimwene aPhiri, tsekulani boneti, yatsani injini, fani ikhale pa 1, muyang'ane mbale ya kutsogolo kwa kompresa kwa mphindi 15. Ikupuma? Mukatero muzimitse batani la A/C muonenso.

aPhiri, Biwi: Achemwali, zodabwitsa. Mphindi 20 sinapumeko ngakhale kamodzi. Paipi yonenepa ija yayera mbuu ndi chisanu mpaka kufupi ndi kompresa. Ndazimitsa batani, nyale yazima, mbale ikuzungulirabe. Ndazimitsa ndi fani yomwe, ikuzungulirabe!

aNangozo, Kawale: Zulani relay, kaswitchi kopereka moto ku clutch, m'bokosi la mafyuzi la ku injini, pa Toyota amailemba MG CLT. Ikasiya, ndiye kuti relay inamatirira m'kati. Ikapanda kusiya, wina anakoka direct, waya wopereka moto ku kompresa osadzera pa relay.

aPhiri, Biwi: Ndazula, ikuzungulirabe. Ndalondola waya kuchokera pa kompresa, pali waya wofiira wachilendo, wokulungidwa ndi tepi, walowa m'kati kudzera pa labala ya mawaya. Wathera pa kaswitchi kobisika pansi pa chiwongolero, moto akutenga pa fyuzi ya laita. Kaswitchiko kali on.

Gift, Area 25: Eeh, ndiye mayiwa akhala akuyenda ndi kompresa yoyaka usana ndi usiku osadziwa? Mafuta ake mmene akuvutiramu!

aPhiri, Biwi: Ndawafunsanso. Akuti chaka chatha AC inasiyiratu kuzizira, mnyamata wina anaikonza pansi pa mtengo tsiku limodzi, n'kuwauza kuti kaswitchiko asamakakhudze. Iwo anamvera. Akutinso kuyambira pamenepo galimoto imanjenjemera pa maloboti.

aNangozo, Kawale: Iyenera kunjenjemera, poti kompyuta ya injini sikudziwa kuti kompresa yagwira, ndiye sikweza idle, liwiro la injini galimoto ikaima. Ndipo waya umenewo sunalumphe sensa yokha ayi. Walumphanso pressure switch, imene imadula kompresa gasi akatha kapena pressure ikakwera kwambiri. Mayiwa ali ndi mwayi kuti kompresa ikadali moyo. Koma musangodula wayawo n'kuwapatsa galimoto, mubwerera pa vuto la chaka chatha. Mnyamatayo anakoka direct chifukwa china chake chinkaletsa kompresa kuyaka, ndipo chinthucho chikadalipo.

Madala aMbewe, Mchesi: Phiri, unati unapeza manyi a makoswe mu blower?

aPhiri, Biwi: Eya madala.

Madala aMbewe, Mchesi: Khoswe salowa m'dashibodi kukangogona. Yang'ana mawaya.

aNangozo, Kawale: Madala alasa. Thermistor ija ikamazizira resistance yake imakwera, ikamatentha imatsika. Ndiye waya wake ukaduka, kabokosi kamaona resistance yopanda malire, n'kuganiza kuti evaporator yaundana kale, kompresa osailola kuyaka mpang'ono pomwe. Chotsani glove box, pa bokosi la evaporator mupeza pulagi ya timawaya tiwiri tating'ono. Ikani mita pa ohms mbali ya sensa. Galimoto itakhala yozima kwakanthawi, pa kutentha kwa masana ano muyenera kupeza pakati pa 1 ndi 2 kΩ. Evaporator ikazizira kufika pa ayezi imakwera kuyandikira 5. Mita ikangoti OL, kutanthauza kuti moto sukudutsa, sensa kapena waya wake waduka. Sensa ikakhala bwino, londolani mawayawo mpaka ku kabokosi.

aPhiri, Biwi: Sensa ili moyo, yandipatsa 1.4. Koma kuchokera pa pulagi kupita m'mwamba, waya umodzi wadyedwa, watsala ndi chikopa chokha, winawo mkuwa uli pamtunda. Mano akuonekeratu. Ndalumikiza powotcherera ndi solder, ndaveka heat shrink, ndachotsa waya wofiira uja ndi kaswitchi kake, ndabwezera relay. Tsopano ndikadina batani clutch ikugwira, idle ikukwera, fani ya kutsogolo ikuyaka, pakapita kanthawi ikuti tha yokha. Ndinatsala pang'ono kuvina pagalaja.

aChisale, Area 36: Chabwino, ndagonja. Koma gasi muyezebe.

Madala aMbewe, Mchesi: Apo Chisale wanena zoona. Wothiridwa kawiri ndi maso sadziwika kuchuluka kwake. Pansi pa boneti pali sitika yolemba mtundu wa gasi, R134a, ndi magalamu ake. Upite nayo kwa amene ali ndi makina, akoke yense, apange vacuum, athire pa sikelo molingana ndi sitikayo. Osamutulutsira mumpweya ngati mmene amachitira anyamata ena, kuboola valavu ndi sikuludiraiva n'kuthawa.

Chinanso, galimoto yayenda wopanda filter sitikudziwa zaka zingati. Evaporator imakhala yonyowa nthawi zonse, fumbi lofiira likafikapo limasanduka matope n'kuuma. Pamene glove box ili pansi, chotsanso blower, ulowetse foni ndi tochi ujambule. Ikakhala yakuda, thira foam yotsukira evaporator, utsukuluze ndi madzi pang'onopang'ono. Makina a car wash ayi, timapepala take n'tofewa, tipindika. Uyambe waonetsetsa kuti kapaipi kotayira madzi n'kotseguka, apo ayi matope onse atsikira pa kapeti ya mayiwo, fungo lake udzalimva mpaka Juni.

aPhiri, Biwi: Ndajambula. Theka la pansi ndi dothi lokhalokha, mukhoza kudzalapo mpiru. Ndatsuka katatu, madzi oyamba anatuluka ngati a mu Lingadzi mvula itagwa. Filter ndagula pompano ku Biwi, ndaika muvi wa UP kuyang'ana kumwamba.

Gift, Area 25: Bwana muwauzenso mayiwo kuti pa msewu wafumbi azidina batani lozungulitsa mpweya wa m'kati, filter ikhalitsa. Komanso asamasiye chimanga ndi mtedza m'galimoto usiku, alendo aja abweranso.

aPhiri, Biwi: Mabwana, lipoti la Lolemba. Gasi anakoka Loweruka, anapezeka wopitirira pa sitika, anathira woyenera. Mayi apita ku Salima lero, andiimbira ali ku Kamuzu Road, akuti mphepo sinachepe njira yonse, mpaka mwana wawo amadandaula kuzizira. Zikomo madala, zikomo achemwali aNangozo. Kwatsala nkhani imodzi: mota yawo yakale ija ndaiyesa pa batire, ilibe vuto lililonse, ndipo ya second hand ndinawalipiritsa kale.

aNangozo, Kawale: Abwezereni yawo ndi ndalama zawo achimwene. Inayo isungeni pa shelefu, ma Sienta ndi ambiri mu Lilongwe muno, sigonera mwezi.

aChisale, Area 36: Kapena mundigulitse ineyo, ndili ndi Sienta ya taxi ya ku Mchinji fani yake inafa zenizeni. Koma mtengo wa pachibale.

aPhiri, Biwi: Bwerani mawa m'mawa aChisale, mubweretse ndi mita yanu, tiyeze kaye resistor.