Nyimbo zathu za western swing zikungomveka ngati imodzi

Gitala_Austin:
Abale ndithandizeni. Ndimayimba gitala mu bandi ya western swing (nyimbo zovina za country zosakaniza ndi jazi) kuno ku Austin, ku Texas, vuto ndiloti nyimbo zathu pafupifupi zonse zimangozungulira pa makodi atatu G C D, mpaka Loweruka mayi wina atamaliza kuvina anadzandifunsa ngati tabwerezanso nyimbo yomweyo, zinandikhudza kwambiri. Titani?

Chala6:
Achimwene yambani ndi zophweka, mmalo mwa G wamba gwirani G6, pa D ikani D9, khutu limasiyanitsa pompo. Kenako mukamvere Eldon Shamblin amene ankayimba gitala mu bandi yotchuka ya western swing ya Bob Wills ndi Texas Playboys, mkulu uja sankakhalitsa pa kodi imodzi ayi, ankangosintha ndipo mawu apansi ankayenda ngati akukwera masitepe. Yesani G, G7 yokhala ndi B pansi, C, C# dim, kenako G yokhala ndi D pansi, mumva nokha.

MaiFido:
Zoona zimenezo. Onjezeraninso E7 A7 D7 G pomaliza vesi, ndi za jazi koma zimakwana bwino. Koma mugwirizane ndi wa steel gitala, ngati wachuna nsambo zake pa kodi ya C6 ndiye nonse mukamagwira makodi a 6 ngati G6 nthawi imodzi mawu amathinana, wina azisiyako mpata. Komanso osamangoyimba mu G, ina ipititseni mu Bb.

Gitala_Austin:
Zikomo nonse. Ya C# dim ndayiyesa usiku uno, chala chaching'ono chikukana koma ikukoma. Lachinayi ku pulakatisi ndiyamba ndi wa besi.