Wokondedwa wanga akusiyitsidwa mowa kuchipatala: kodi chinkhoswe chipitirire?

Nachisale:
Mwamuna amene tinagwirizana zomanga naye banja wagonekedwa m'chipatala kuti asiye mowa moyang'aniridwa ndi madokotala, chifukwa atayesa kusiya payekha kunyumba anayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta usiku wonse mpaka anakomoka. Ndikapita kukamuzonda amandiyankha mwachidule, maso ali kukhoma, phala limene ndabweretsa osalikhudza, ndipo nthawi zina amandikalipira popanda chifukwa. Chinkhoswe chathu chayandikira ndipo amalume ayamba kufunsa. Kodi chikondi chatha, kapena ndi matendawa?

Namwino wa ku Mzuzu:
Achemwali, musaweruze chikondi potengera zimene mukuona sabata yoyamba. Mowa umafooketsa ubongo, choncho ubongo wa munthu amene wamwa kwa zaka zambiri umazolowera kugwira ntchito mopyola muyezo polimbana nawo, ndipo mowawo ukachotsedwa mwadzidzidzi ubongowo umachedwa kukhazikika. Kunjenjemera kumayamba pakati pa maola 6 ndi 24 kuchokera pamene munthu wamwa komaliza, ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo kubwebweta koopsa kumakonda kubwera patapita maola 48 mpaka 72. Mankhwala a diazepam amene ambiri amapatsidwa amagonetsa, n'chifukwa chake amaoneka ngati alibe nanu chidwi. Kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga zingapitirire kwa milungu ingapo atatuluka.

Mayi Nangozo:
Kwa ine mavuto enieni anayamba amuna anga atatuluka. Ndinali nditazolowera kusunga khadi lawo la kubanki, kuwanunkhiza m'kamwa akalowa m'nyumba, ndiponso kuwapepesera kwa abwana awo Lolemba lililonse. Atachira anafuna kuyambanso kuyendetsa okha ndalama, koma mtima wanga unali usanaiwale ngongole za kumalo a kachasu, ndipo tinakangana kwambiri kuposa nthawi imene ankamwa. Iwo ankayembekezera kuyamikiridwa, pamene ine ndinkayembekezera kupepesedwa. Si zachilendo kuti Lois Wilson, mkazi wa mmodzi mwa amene anayambitsa gulu la anthu othandizana kusiya mowa la Alcoholics Anonymous mu 1935, anathandiza kukhazikitsa gulu la Al-Anon mu 1951 kuti nawonso apabanja azithandizidwa. Inunso funsani uphungu wanuwanu, musangokhala womudikirira wodwala.

Bambo Phiri:
Ndinagonapo pa bedi lotere, ndipo chimene chinkanditseka pakamwa chinali manyazi, poganiza kuti mkazi amene ndinkamufunsira wandiona ndikulephera kugwira kapu ya madzi. Komanso ngati munadziwana iye akumwa kale, ndiye kuti mwamuna wosaledzerayo simunamudziwebe, ndipo nayenso sanadzidziwe bwino. M'magulu a osiya mowa timalangizana kuti chaka choyamba tisamapange zisankho zikuluzikulu, ngakhale kuti si lamulo. Ndikanakhala mlongo wanu ndikanati chinkhoswe chisunthidwe koma chisathetsedwe, makamaka poti pamwambowo mowa sudzalephera kupezeka. Dikirani atuluke, mukambirane awiri pamaso pa mlangizi wake, kenako muwauze amalume a mbali zonse chifukwa chenicheni musanasankhe tsiku lina.