"R ankle lateral" pa request form: akunena malo opweteka kapena view?

Wojambula X-ray, Chipata

Anzanga, ndithandizeni pa ma request form ochokera ku ma clinic akumidzi. Ambiri akubwera chonchi: "X-ray R ankle lateral", "X-ray hand, pain inner side", "X-ray leg upper part". Pa woyambayo sitidziwa ngati wolemba akufuna lateral view yokha kapena akunena kuti ululu uli ku lateral malleolus, fupa lotumphuka la kunja kwa ankle. Tikajambula lateral yokha, fibula imasanjikizana ndi tibia (mafupa awiri a kumunsi kwa bondo) ndipo kutseguka kwa mortise, mpata wa joint ya ankle, sikuoneka konse. Wodwala wabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Vubwi kapena Chadiza, kumubweza kuti akafunse n'kosatheka, nambala ya wolembayo pa form palibe. Tikufuna kalembedwe kamodzi koti tigwirizane ndi ma clinical officer ndi anamwino. Tiyambire pati?

Wophunzitsa anatomy

Abambo, yambirani pa anatomical position, chifukwa mawu onsewa amatengera pamenepo: munthu waimirira, nkhope kutsogolo, manja m'mbali, zikhatho zayang'ana kutsogolo, mapazi alunjika kutsogolo. Wodwala agone chagada, chafufumimba kapena chammbali, mawu sasintha.

Lateral ndi kutali ndi pakati pa thupi, medial ndi kufupi napo. Choncho chala chachikulu cha dzanja chili lateral pamodzi ndi radius, chaching'ono ndi ulna zili medial. "Inner side" ija imasokoneza chifukwa wodwala akaika dzanja patebulo chikhatho chili pansi, chala chachikulu chimabwera mkati, wolemba n'kuyesa ndiye medial. Kuyambira pachigongono kutsika lembani radial kapena ulnar, palmar (kuchikhatho) kapena dorsal (kuseri kwa dzanja). Amenewa salabadira kuti dzanja latembenukira kuti. Kuphazi n'zosiyana: chala chachikulu chili medial, mbali ya tibia, fibula ndiye lateral, ndipo kunsi kwa phazi ndi plantar. Ophunzira ambiri amagwa pomwepa poganiza kuti phazi likutsatira dzanja.

"Upper part" muisiye. Pa mkono ndi mwendo timati proximal, kufupi ndi phewa kapena chiuno, kapena distal, kutali nako. Superior ndi inferior zisungireni mutu, khosi, chifuwa ndi mimba. R ndi L ndi za wodwala, osati za inu amene mwaima momuyang'ana.

Clinical officer, Katete

Zoona aphunzitsi, koma kudziwa mawu pakokha sikuthetsa vuto la form ija, chifukwa lateral wa malo ndi lateral wa view akukhala pamzere umodzi. Asiyanitsidwe. Mzere woyamba: mbali ndi fupa kapena joint. Wachiwiri: pamene pakupweteka mukadina, ndi mmene wavulalira. Wachitatu uyambe ndi mawu oti Views. Mwachitsanzo:

R ankle.
Inversion injury. Tender posterior edge of lateral malleolus. Cannot walk 4 steps.
Views: AP, mortise, lateral.

Mzere wachiwiriwo ukutsatira Ottawa ankle rules, malamulo othandiza kudziwa ngati X-ray ikufunika. Dinani m'mphepete mwa kumbuyo mwa malleolus iliyonse, masentimita 6 akumunsi ndi kunsonga kwake, kenako navicular (fupa la mbali ya medial ya phazi) ndi base ya fifth metatarsal (chiyambi cha fupa lopita ku chala chaching'ono cha phazi), muonenso ngati angaponde masitepe 4. Munthu wangobinya, zonsezi palibe, X-ray siifunika, ndipo mwamupulumutsa ulendo wa ku Chipata.

Zala za dzanja musalembe ndi manambala. "Second finger" wina awerenga index, wina middle chifukwa sanawerengere chachikulu. Lembani thumb, index, middle, ring, little.

Wojambula X-ray, Petauke

Ndiwonjezere za mbali yathu. Mortise imafuna mwendo wonse utembenuzidwire mkati madigiri 15 mpaka 20, kuchokera m'chiuno, kufikira ma malleolus awiri atalingana kutalika kwake kuchoka pa cassette, chipangizo cholandira chithunzi. Mukangopinda phazi lokha, fibula imatsekabe mpata wa joint. Ngati ululu uli pa base ya fifth metatarsal, pemphani foot, DP (beam yolowera pamwamba pa phazi n'kutulukira kunsi) ndi oblique (mopendeka), osati ankle.

Maina a views amatsata ulendo wa beam. PA ndiye kuti yalowera kumsana n'kutulukira kutsogolo, chifuwa chili pa cassette, mtunda masentimita 180. Pa AP, pamene beam yalowera kutsogolo n'kutulukira kumsana, mtima uli kutali ndi cassette, motero umaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Cardiothoracic ratio (kukula kwa mtima poyerekeza ndi chifuwa) yoposa 0.5 ili ndi tanthauzo pa PA yokha. Wodwala akalephera kuima n'kujambulidwa ali pabedi, lembani AP ndi supine (chagada) kapena erect (tsonga) pachithunzipo, apo ayi wina amulembera cardiomegaly (mtima wokula) munthu wa mtima wabwinobwino.

Left lateral ya chifuwa ndiye kuti mbali yakumanzere ndi imene yagunda cassette. Decubitus imatchulidwa ndi mbali imene wagonera, beam ikuyenda chopingasa. Mukafuna mpweya wotayikira m'mimba kwa munthu wosatha kukhala tsonga, ndi left lateral decubitus: agonere kumanzere mphindi zosachepera 5, mpweya ukwere pakati pa chiwindi ndi khoma la mimba pamene uonekere bwino. Akagonera kumanja umasokonezeka ndi mpweya wa m'chifu. Madzi a m'chifuwa ndiye agonere mbali imene mukuikayikira, kuti madziwo ayalane m'mphepete mwa nthiti.

Namwino, Lundazi

Akuluakulu, pepani ndipatuke pang'ono. Odwala akabwera ndi zithunzi za CT, chiwindi chimaoneka kumanzere kwa screen. Kodi chithunzicho chimakhala chatembenuzidwa? Nanga axial ndi coronal pa report akutanthauza chiyani kwenikweni?

Woyeza ndi ultrasound, Chipata

A sister, sichinatembenuzidwe. Axial, ena amati transverse, imadula thupi chopingasa ngati mmene timadulira nzimbe, kusiyanitsa kumtunda ndi kumunsi. Chithunzicho timachiona ngati taima kumapazi kwa wodwala wogona chagada tikuyang'ana kumutu. Ndiye kumanja kwake kuli kumanzere kwa screen, kutsogolo kwa mimba kuli pamwamba, msana pansi. Coronal imasiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo timaiona ngati tayang'anizana naye maso ndi maso, chiwindi chikhalabe kumanzere kwa screen. Sagittal imasiyanitsa kumanja ndi kumanzere. Ikadutsa pakati penipeni, pamphuno ndi pamchombo, ndi median kapena midsagittal.

Pa ultrasound ya mimba lamulo ndi lomwelo. Pa transverse, marker ya probe iyang'ane kumanja kwa wodwala, pa longitudinal iyang'ane kumutu. Musanayambe khudzani mbali imodzi ya probe ndi chala muone mbali ya screen imene yagwedezeka. Probe ikagwiridwa chotembenuza, chotupa cha ovary yakumanja chilembedwa kumanzere.

Clinical officer wa mafupa

Pa report ya fupa lothyoka tigwirizanenso chimodzi: displacement imanena za chidutswa cha distal poyerekeza ndi cha proximal. Colles ndi Smith ndi mitundu ya kuthyoka kwa radius pafupi ndi dzanja. Pa Colles, chidutswa cha distal radius chapita dorsal. Pa Smith chapita palmar. Mukalemba "displaced backwards" kokha, wokoka fupa sadziwa kokankhira asanamange POP (pulasitala), ndipo Smith kawirikawiri sikhazikika mu POP, imafuna kutumizidwa kwa a opaleshoni. Pa angulation tchulani kumene apex, nsonga ya kupindikako, yaloza, chifukwa "dorsal angulation" ena amatanthauza apex, ena chidutswa.

Wojambula X-ray, Chipata

Zikomo nonse. Mizere itatu ya a Katete ija tiisindikiza pa form. Nanga ma form akale amene akadali m'ma clinic, akabwera osamveka titani?

Wojambula X-ray, Petauke

Muuzeni wodwala aloze ndi chala chimodzi pamene pakupweteka kwambiri, mufananize ndi mbali yolembedwa. Zikasemphana, clinician wa pamalopo amuone kaye musanajambule. Views zisachepere 2, zosiyana madigiri 90, ndipo pa fupa lalitali joint yakumtunda ndi yakumunsi zilowemo. Ululu ukakhala ku medial malleolus, dinaninso fibula pafupi ndi bondo: pa Maisonneuve fibula imathyokera proximal, chithunzi cha ankle sichifikako, chimangoonetsa mortise yotseguka. Lead marker ya R kapena L iikeni pa cassette musanajambule, mkati mwa collimation (malire a beam) koma kunja kwa fupa. Yolemba pa kompyuta pambuyo pake imatsatira mmene chithunzi chaonekera pa screen, ndipo chikakhala kuti chinatembenuzidwa, marker nayo ilakwika.