Kompyuta yoyendetsa Stockfish pa mpikisano: ndalama ndiike pati?

Kavalo64:
Akuluakulu, ndikufuna kulumikiza kompyuta yoti iziyendetsa Stockfish, pulogalamu (engine) yosewera chess, pa akaunti ya BOT (yosewera pulogalamu osati munthu) ku Lichess, webusaiti yosewerapo chess, m'mipikisano ya mphindi 3 zowonjezeredwa masekondi 2. Ndalama zikungokwana chodula chimodzi, purosesa yamphamvu kapena graphics card. Ndigule chiti? Nanga RAM ikhale yochuluka bwanji?

MfumuYoyera:
Achimwene, graphics card isiyeni. Stockfish sayigwiritsa ntchito ngakhale pang'ono. NNUE, njira yoyezera mmene masewera alili imene inabwera ndi Stockfish 12 mu 2020, imawerengedwa ndi purosesa. Khadi imafunika kwa amene akuyendetsa pulogalamu ina ya chess, Leela Chess Zero, ndipo kumeneko ya NVIDIA RTX ndiyo imayenda bwino.

Ndalama ipite ku ma core. Ryzen 7 5700X ili ndi ma core 8, Ryzen 9 5950X ili ndi 16 ndi ma thread 32. Ngati thumba likulola, tengani yachiwiriyo.

Pamene ambiri amataya liwiro ndi posankha fayilo ya Stockfish, poti pali mafayilo osiyana malinga ndi purosesa, monga avx2 ndi bmi2. Pa Ryzen 1000 mpaka 3000 tengani ya avx2, chifukwa lamulo la pext limene ya bmi2 imadalira limachedwa kwambiri pa mapurosesa amenewo. Kuyambira Ryzen 5000 vutolo linatha. Musangokhulupirira: tsegulani fayilo iliyonse, lembani bench, muone Nodes/second, nambala yosonyeza liwiro, musunge yothamanga.

Ma thread musawapereke onse. Pa 32 ikani Threads 30, otsalawo asamalire lichess-bot, pulogalamu yolumikiza Stockfish ndi Lichess, ndi zina zonse za makinawo.

NsanjaYaA1:
Pa RAM, 32GB ikukwana, koma ikhale timitengo tiwiri ta 16GB kuti iyende pa dual channel. Kamodzi kokha kamachedwetsa. Stockfish imabwera ndi Hash (gawo la RAM losungiramo zimene yawerenga kale) ya 16MB ndi Threads 1, ndiye mukaiwala kusintha, purosesa yodulayo ingogona. Pa masewera othamangawa Hash ya 2048MB kapena 4096MB ndi yokwanira.

Ma tablebase a Syzygy ndi mafayilo a mayankho owerengedwa kale a kumapeto kwa masewera, pa bolodi pakatsala zidutswa zochepa; a zidutswa 5 sakwana n'komwe 1GB, a zidutswa 6 ndi pafupifupi 150GB. Akhale pa SSD. Pa hard disk yozungulira engine imangodikira kuwerenga, liwiro n'kugwa pomwe masewera akukathera. A zidutswa 7 ndi ma terabyte oposa 16, asiyeni.

China: Move Overhead, nthawi imene engine imasiya padera pa sitepe iliyonse kuti isachedwe, imabwera pa mamilisekondi 10. Intaneti ikamagwedera, nambala imeneyo imagonjetsa engine pa wotchi ngakhale ili patsogolo. Yambani ndi 500, muzitsitsa mukaona kuti nthawi ikutsala. Ndipo lumikizani ndi waya, osati WiFi.

Chipembere:
Bwana, za kutentha musazione mopepuka. Engine imagwira ma core onse pa 100% nthawi yonse imene ikuganiza, ndipo 5950X sabwera ndi choziziritsa m'bokosi. Gulani chachikulu cha mafani awiri, kapena chamadzi cha 280mm. Mukalumikiza, lembani go infinite mu Stockfish kuti iganize osaleka, muisiye mphindi 30 mukuyang'ana kutentha. Ikafika 90°C purosesa imadzichepetsa yokha liwiro, ndipo miyezi ya Okutobala ndi Novembala zimenezi zimachitika msanga. Ndiye chifukwa chake laputopu siyenera ntchitoyi.

Ikaninso UPS, batire yosunga magetsi akathima, ndipo router ikhale pa UPS yomweyo. Kompyuta ikhoza kukhala yoyaka, koma router ikazima magetsi atathima, wotchi yanu ku Lichess imangopitirira kuyenda.