Beetle ya 1965: ndiike mabuleki a ma disc kapena ndikonze a ma drum omwewa?

MwiniBeetle65
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi VW Beetle ya 1965 imene anandisiyira malemu bambo anga. Yakhala zaka 6 ili chiimire. Injini ndaidzutsa mwezi watha, ikulira bwinobwino. Vuto ndi mabuleki. Dzana ndikutsika mtsetse wautali, pedulo inayamba kufewa mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi. Ndinaima ndi handbrake, mtima uli phaphapha. Ndikaponda ikukokeranso kumanzere. Ndingogula ma disc a kutsogolo basi?

Sipanala13
Achimwene, musathamangire ma disc. Brake fluid (mafuta a mabuleki) munasintha liti? Mitundu yake ya DOT 3 ndi DOT 4 imayamwa chinyezi. DOT 4 yatsopano siwira isanafike 230°C, koma ikamwa madzi imatha kuwira pa 155°C. Pamtsetse ma drum anatentha, fluid inawira, ndiye mumaponda nthunzi. Itulutseni yonse, ndipo muzisintha zaka ziwiri zilizonse. Isadonthere pa penti, imasupula.

Kukokera kumanzereko ndikukayikira mapaipi a labala kapena wheel cylinder (kachipangizo kokankha mabuleki pa wilo) ya kumanja yomwe yagwidwa ndi dzimbiri. Labala wokalamba amatupa m'kati, kunja akuoneka wabwino. Sinthani mapaipi onse anayi.

ChitsuloChakale
Ndikugwirizana ndi a Sipanala, koma chondiopsa ine ndi china. Beetle ya chaka chimenecho ili ndi master cylinder (pampu ya fluid yolumikizidwa ku pedulo) ya njira imodzi. Paipi imodzi ikangobooka, mawilo onse anayi alibe buleki. Ineyo zinandichitikira pa yanga ya 1963, mwamwayi ndinali ndikutuluka pageti, ndinangophwanya mphika wamaluwa wa akazi anga (mpaka lero nkhaniyi sinathe). Ikani ya njira ziwiri, yosiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo, musanaganize china chilichonse.

Musaiwalenso kuti ma drum a Beetle sadzichuna okha. Wilo lililonse lili ndi tinyenyezi tiwiri totembenuza ndi sikuludiraiva. Ma shoe (zitsulo zokhula m'kati mwa drum) akatalikira, pedulo imapita pansi ngakhale zina zonse zili bwino. Mukatsegula, fumbi lakelo musaliuzire ndi mpweya, ma shoe akale ena anali ndi asbestos.

MwiniBeetle65
Zikomo akulu. Fluid sindinaikhudze n'komwe, ndi ya nthawi ya bambo. Ndiye ma disc n'kutaya ndalama?

Sipanala13
Ayi, amathandiza ngati mwakuza injini kapena mumayenda kumapiri kawirikawiri, chifukwa amazizira msanga. Koma galimoto yopepuka ngati imeneyi, ma drum ochunidwa bwino amamanga matayala mpaka kukhukhuluza. Mukadzaganizabe zoika, onetsetsani kuti ndi a link pin (mtundu wakale wolumikizira mawilo a kutsogolo, umene uli pa yanuyo), poti mtundu wa ball joint unayamba mu 1966, ndipo master cylinder ikhale yoyenera ma disc. Ya ma drum imasunga kapuresha pang'ono m'mapaipi, ma pad (zopanira disc) azingokhula. Fluid ya DOT 5 ya silicone musaisakanize ndi DOT 3 kapena DOT 4.

MwiniBeetle65
Ndamva. Loweruka ndiyamba ndi wilo la kumanja kutsogolo, ndidzakuuzani zomwe ndapeza.